Nyimbo yobwereka sinena mlandu wako

Abale anzanga a kunja kuno, amene munakhalako ku Harare kapena ku Bulawayo zaka zapitazo mukukumbukira kuti gulu loimba likamaimba nyimbo za ku Ulaya ndi ku America m'malo omwera mowa, anthu ankati likuimba "makopiraiti". Mawu amenewa amandiseketsa mpaka lero, chifukwa kopiraiti kwenikweni ndi umwini wa nyimbo, pomwe anyamata aja ankaimba zinthu zimene sanali eni ake ngakhale pang'ono. Oimba ambiri amene timawalemekeza anayambira pomwepo. Tsono funso langa ndi ili: n'chiyani chimachititsa munthu amene akudya bwino ndi nyimbo za eni, anthu n'kumavina, kuti tsiku lina azisiye n'kuyamba kupeka zake?

Yankho limene ambiri amathamangira ndi ndalama, ndipo si labodza. Malamulo amasiyanitsa wopeka nyimbo ndi woiimba, ndipo wopekayo amalandirabe kangachepe ngakhale nyimboyo itaimbidwa ndi munthu wina. Dolly Parton anapeka "I Will Always Love You" mu 1973. Elvis Presley atafuna kuiimba, omuyang'anira anati awapatse theka la umwini wa nyimboyo, iye n'kukana. Whitney Houston ataiimba mu 1992, ndalama za wopeka zinapita kwa Dolly. Yerekezani ndi Solomon Linda amene anajambula "Mbube" ku Johannesburg mu 1939 n'kupereka umwini wake pa ndalama yochepetsetsa. Nyimboyo inasanduka "The Lion Sleeps Tonight", inafika mpaka mufilimu ya The Lion King, koma mwini wake anamwalira ali wosauka mu 1962, ndipo banja lake linadikira mpaka 2006 kuti pakhale mgwirizano woti lizilandira gawo. Phunziro lake n'lakuti kupeka kokha sikukwanira, umwininso uyenera kusungidwa.

Komabe ine ndalama zokha sizindikhutiritsa. Bungwe la COSOMA, limene limatolera ndalama za opeka nyimbo ku Malawi, linakhazikitsidwa mu 1992. Daniel Kachamba wa ku Chileka anamwalira mu 1987 bungwelo lisanabadwe n'komwe. Allan Namoko, bambo wosaona wa ku Thyolo, ankapeka nyimbo ndi banjo yake pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band nthawi imene woimba sankayembekezera cheke chochokera ku ofesi iliyonse. Nanga anthu amenewa ankavutikiranji?

Ndikuona ngati yankho lenileni lili pamtondo. Mayi amene mwamuna wake amabwera usiku ataledzera, kapena amene apongozi ake amamunena ulesi, sangaime pabwalo n'kuyankha maso ndi maso. Amadikira posinja, munsi uli m'manja, n'kuika dandaulo lake m'nyimbo. Mudzi wonse umamva, wolakwayo amadzidziwa, koma palibe angamuzenge mlandu munthu amene akungosinja chimanga. Mayi ameneyu atha kubwereka maimbidwe a agogo ake, koma mawu amayenera kuwasintha, chifukwa mwamuna woledzerayo ndi wake. Woimba amapeka nyimbo yake pa chifukwa chomwechi: ali ndi mlandu umene palibe wina anaunenapo.

Taonani Thomas Mapfumo. M'zaka za m'ma 1960 ankaimba nyimbo za Elvis ndi anzake, ndipo boma la Rhodesia linalibe naye vuto. Atayamba kupeka m'Chishona m'zaka za m'ma 1970, n'kusamutsira kaliridwe ka mbira pa gitala, nyimbo zake zinaletsedwa pawailesi ya boma ndipo iye anatsekeredwa m'ndende. Munthu anali yemweyo, mawu ake apakhosi omwewo. Chinasintha n'chakuti tsopano ankanena zake.

Kwathu, pamene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi mu 1993 ndi 1994, Lucius Banda wa ku Balaka anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man momwe muli "Mabala". Chamba chake chinali chodalira kwambiri rege, imene ndi yobwera, koma mabala amene ankanenawo sakanawapeza m'nyimbo ya ku Jamaica. Anali a anthu amene abale awo anamangidwa popanda mlandu kapena kusowa osaonekanso. N'chifukwa chake pamene Soja anamwalira mu June 2024, anthu analira ngati ataya wowalankhulira. Evison Matafale nayenso, mwini Kuimba 1 ndi Kuimba 2, anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001 atamangidwa pa nkhani ya kalata yodzudzula boma. Sanamangidwe chifukwa cha nyimbo, koma dzanja limene linalemba kalatayo ndi lomwe linalemba "Watsetsereka". Wopeka nyimbo amaika dzina lake pa zimene wanena, ndipo zikavuta alibe pothawira.

Apa ndi pomwe ndili ndi chidzudzulo kwa ena mwa achinyamata athu. Masiku ano pafupifupi aliyense amati amalemba yekha, ndipo pa malamulo akunena zoona. Koma mukachotsa ng'oma zotengera ku Lagos kapena amapiano a ku South Africa, mawu otsalawo ndi oti akanatha kuimbidwa ndi wina aliyense, kulikonse: galimoto, mowa wodula, mtsikana wokongola wopanda dzina ndi mudzi. Kubwereka chamba si tchimo, Lucius ndi Matafale anabwerekanso. Vuto ndi kubwereka ndi nkhani yomwe. Amenewonso ndi makopiraiti, kungoti avala malaya atsopano.

Sindikunena kuti woimba aliyense ayenera kupeka. Whitney Houston sanapeke nyimbo ija, koma anaifikitsa kumene mwini wake sanafike. Wina anapatsidwa mawu okoma, wina luso lolemba, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ngati sutha kupeka, pita kwa wodziwa, umulipire, dzina lake lilembedwe. Chochititsa manyazi ndi kutenga nyimbo ya mkulu wina wa kumudzi, kapena ya amayi a pachinamwali, n'kuisainira ngati yako.

Ifenso okhala kunja tili ndi milandu yathu: kudikira mapepala zaka ndi zaka, ana oyankha m'Chingerezi tikawalankhula Chichewa, maliro a mayi oonera pafoni. Pakati pathu pali anyamata ndi atsikana oimba bwino m'makwaya ndi m'maukwati. Nyimbo za kumudzi zimene amatiimbira timazikonda, koma zimenezi zinanena kale milandu ya eni ake. Yathuyi ikudikira woipeka.