GITALA YA HAUYANI NDI ENI ACE

Pa 14 April 2021 anamwalira ku Missouri, m'dziko la America, munthu wina dzina lace Rusty Young, ali ndi zaka 75. Ku Chipata imfa yace sinamveke, ndipo nzosadabwitsa, pakuti gulu lace la oimba lochedwa Poco silinachuke kuno monga anachukira Jim Reeves. Koma nkhalamba ya ku Kapata kapena ya ku Feni itamva coimbira cimene munthuyo anali kuliza, ingathe kucichula dzina nthawi yomweyo kuti ndi hauyani. Mau a coimbira cimeneci anafika m'dziko la Angoni ndi Acewa kale, mzinda wa Chipata ukali kuchedwa Fort Jameson.

Hauyani ndi gitala yomwe ija, koma kaimbidwe ndiko kosiyana. Woimba aigoneka pa nchafu, nsambo zitapenya kumwamba, ndipo m'malo mozipanikiza ndi zala, atenga kacitsulo kosalala, kapena botolo, kapena mpeni, nayendetsa pamwamba pa nsambozo. Pa gitala wamba mau acita kulumpha monga munthu wooloka mtsinje pa miyala, koma pa hauyani atsetsereka kucoka pa liu lina kufika pa linzace osadukiza. Dzinali licokera ku zisumbu za Hawaii, kumene mnyamata wina, Joseph Kekuku, amanenedwa kuti ndiye anayamba kaimbidweka ca m'ma 1889. Kucokera kumeneko kanalowa m'nyimbo za alimi ndi abusa a ng'ombe a ku America, zimene azicha country, ndipo kamveka m'mbale zina za galamafoni za Jimmie Rodgers, amene anamwalira mu 1933. Mbale zotere zinagulitsidwa m'masitolo a ku Johannesburg, ku Bulawayo ndi ku Salisbury.

Njira yocokera ku masitolowo kufika ku Fort Jameson inali yopondeka kale. Msonkho unali kufunika caka ndi caka, ndipo minda yambiri yabwino inali m'manja mwa kampani ya North Charterland ndi Azungu olima fodya; cotero amuna anali kupita ku Halale ndi ku migodi, ndipo amene sanachone anabwerera ndi njinga, jekete, galamafoni, ena gitala. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, ndipo nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inali kuulutsa mau m'Cinyanja kufikira ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. M'nyumba imeneyo ndimo munali kugwira nchito Alick Nkhata, amene m'nyimbo zace mumveka bwino lomwe kuti anamvetsera oimba a country. Malire a pa Mwami sanatsekereze nyimbo, pakuti a ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, ndi a ku Fort Jameson alankhula cinenero cimodzi nakwatirana. Ndipo tsidya ilo la Malawi ndiko kwatsala dzina la katswiri wa hauyani limene anthu akali kulikumbukira, la Ndiche Mwarare.

Pali mlandu umene anthu ophunzira akhala akuimba oliza hauyani, wakuti anali ongotsanzira Azungu, ndi kuti nyimbo zeni zeni za dziko ndi za ng'oma zokha. Mlanduwu uli ndi mbali yoona, pakuti coimbiraco ndi dzina lace lomwe nzobwera. Koma oimba mlanduwo sanafunse cifukwa cace, pa zinthu zonse zimene galamafoni inabweretsa, anyamata a kumudzi anatola cimeneci msanga cotere, wopanda mphunzitsi ndi wopanda buku. Yankho lili pa kaligo. Kaligo ali ndi nsambo imodzi, alizidwa ndi kauta, ndipo alibe timizere tacitsulo togawa mau monga tili pa khosi la gitala. Woliza afuna yekha liu ndi khutu, ndipo kaligo alira motsata mau a mwini wace kufikira womvera asokonezeka kuti munthu ndi uti, nsambo ndi iti. Khutu lozolowera kaligo silinaone cacilendo pa hauyani. Linapeza kaligo wa nsambo zisanu ndi imodzi.

Cinanso ndi cinenero. Cinyanja cikwera ndi kutsika polankhula, kotero kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika asiyana ndi kamvekedwe kokha. Mai wosinja pa mtondo podandaula za mwamuna wace wocedwa ku Halale, kapena wolira maliro pa siwa, sadula mau ace m'zigawo zolingana. Awakoka, nawatsitsa pang'ono pang'ono kufikira atha. Gitala wamba singathe kumtsata mai ameneyo, koma botolo limtsata. Ndiponso nyimbo za kuno zikhala ndi wotsogolera ndi obvomereza, ndipo mnyamata wokhala yekha m'komboni, kutali ndi anzace a kumudzi, anapeza pa hauyani wombvomereza. Aimba mzere, gitala niyankha. Apa ndipo pagona ubwino wonse wa coimbiraci, ndipo woliza wabwino adziwika ndi pamene aimitsa botolo, osati ndi kutalika kwa ulendo umene aliyendetsa.

Zolakwa zace nazonso nzosabisika. Woliza wosadziletsa atsetsereka pa liu liri lonse, ndipo nyimbo isanduka kulira kwa mwana wofuna bere, kotopetsa msanga. Coposa apo, hauyani siigwira bwino mwendo wa wobvina, ndipo kuno nyimbo yosabvinika ikhala ndi moyo waufupi pa mowa ndi pa ukwati. Hugh Tracey atajambula Mwenda Jean Bosco ku Katanga mu 1952, anyamata anamva gitala yodoledwa ndi zala, yothamanga ndi yobvinika, ndipo ambiri anatsata imeneyo. Pambuyo pace kunadza kwela ya zitoliro, kenaka magitala a magetsi a Paul Ngozi ndi anzace m'zaka za m'ma 1970, ndi kalindula. Botolo linabwerera ku nchito yace yakale.

Rusty Young anakumana ndi bvuto lomwelo kwao, pakuti anyamata a nyimbo za rock anali kuyesa coimbiraci cinthu ca nkhalamba zolira. Yace inali hauyani ya magetsi yoima pa miyendo ngati tebulo, yokhala ndi zopondera zosintha mau a nsambo. Atayambitsa Poco mu 1968 pamodzi ndi Richie Furay ndi Jim Messina, anapititsa mau ace m'cokuzira mau ca Leslie kuti imveke ngati limba la m'chalichi, ndipo anthu anazizwa. Unali ukatswiri ndithu, koma unali wobisa coimbiraco kuti cilandiridwe. Nchito yace yokoma koposa ndi imene anaicita poyamba, caka comweco, m'nyimbo ya Buffalo Springfield yochedwa Kind Woman, m'mene gitala ingodikira woimba atsirize mzere, niyankha mofatsa. Kumeneko ndiko kubvomereza kumene woliza kaligo wa ku Katete angakuzindikire. Ndipo nyimbo imene inamchukitsa pa anthu ambiri mu 1979, Crazy Love, ndi imene anaipeka ndi kuiimba ndi pakamwa, hauyani yosatsogolera konse.

Woliza hauyani akhala pansi, mutu woweramira pa nsambo, ndipo maso a anthu apita kwa woimirira. Young anapeza omkumbukira, pakuti mu 2013 dzina lace linalembedwa pakati pa akatswiri a coimbiraci ku America. Alick Nkhata, amene anaphedwa ku Mkushi mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira kumeneko, ali ndi mseu wa dzina lace ku Lusaka, umene upita pa nyumba ya wailesi. Ndiche Mwarare achulidwa m'zolemba za Dr John Lwanda, ndipo kaimbidwe ka hauyani anakalongosola ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene anafufuza nyimbo za ku Malawi kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Koma ambiri a iwo amene anagoneka gitala pa nchafu m'makomboni a m'minda ya fodya ndi m'midzi ya kwa Mpezeni sanaimepo patsogolo pa makina ojambula mau, ndipo amene anawamva ndi makutu ao ndi okalamba tsopano.