Nambala ya 8.5: Zimene Zinacitika ku Texas Poyang'anira Masukulu ndi Ziwerengero

Boma silingalowe m'kalasi iliyonse kukaona mwana aliyense. Limadalira ziwerengero zimene masukulu amatumiza: ana angati analembetsa, angati adziwa kuwerenga, angati ali ndi zosowa zapadera. Pa ziwerengerozo ndi pamene limasankhira kotumiza oyendera masukulu, aphunzitsi ndi mabuku. Njirayi ndi yofunika, koma ili ndi ngozi yake. Ngoziyo inaonekera poyera ku Texas, cimodzi mwa zigawo zikuluzikulu za dziko la United States, ndipo ena mwa ana amene anavutika ndi aja olephera kuwerenga.

M'dzikolo muli lamulo la 1975, limene kuyambira 1990 limachedwa Individuals with Disabilities Education Act. Lamuloli limati cigawo ciliconse cifufuze ana onse oganiziridwa kuti ali ndi cilema kapena vuto la kuphunzira, ciwapime, ndipo amene apezeka nalo alemberedwe dongosolo laolao la maphunziro. Boma lalikulu limapereka ndalama ndi kuyang'anira zigawo, pamene zigawo zimayang'anira maofesi a maphunziro a m'madera.

Mu 2004, bungwe la maphunziro la Texas Education Agency linayamba kupima madera ndi ndondomeko ya ziwerengero. Cimodzi mwa zopimira cinali cakuti dera limene ana a maphunziro apadera apitirira maperesenti 8.5 a ana onse linali kupatsidwa malikisi oipa. Likapitirira kwambiri, linkatha kulamulidwa kulemba dongosolo lokonzera zinthu.

Nkhawa ya bungwelo inali yomveka. Zimacitikadi kuti mwana amene anajomba masiku ambiri, kapena amene kunyumba amalankhula cinenero cina, amaikidwa m'gulu la olumala molakwika. Dzina lotere likamumata, aphunzitsi amaleka kuyembekezera zambiri kwa iye. Bungwelo linanenanso kuti 8.5 sinali malire oletsa, inali cizindikiro cabe. Koma kwa mkulu wa maphunziro amene adzaitanidwa kukayankha mafunso akaipitirira, kusiyana kwa malire ndi cizindikiro n'kocepa.

Zotsatira zake ndi izi. Mu 2004 ana a maphunziro apadera ku Texas anali maperesenti 11.6. Pofika 2016 anali maperesenti 8.6, pamene m'dziko lonse anali pafupifupi maperesenti 13. Ana olandira thandizolo anacepa ndi pafupifupi 32,000, pa nthawi yomwe ana onse a m'masukulu a Texas anawonjezeka ndi oposa 1 miliyoni. Mu 2016 mtolankhani Brian Rosenthal anavumbula nkhaniyi m'nyuzipepala ya Houston Chronicle. Mu 2017 aphungu a ku Texas anapanga lamulo loletsa copimira cotere, ndipo mu Januwale 2018 unduna wa maphunziro wa boma lalikulu unagamula kuti Texas inaswa lamulo.

Kodi nambalayo inatsika bwanji? Ofufuza a undunawo anapeza kuti m'madera ena mwana wobvutika ankasungidwa nthawi yaitali pa maphunziro othandizira a m'kalasi m'malo motumizidwa kukapimidwa. Ana ena a vuto la kuwerenga lochedwa dyslexia ankapatsidwa thandizo lina popanda kuwapima ngati afunika maphunziro apadera. Maphunziro othandizira ndi abwino, koma kumeneko anasanduka njira yocedwetsera mwana.

Ndondomekoyi inalakwa m'njira zitatu. Coyamba, copimiraco cinkayang'ana mbali imodzi. Dera lokhala ndi ana ambiri pa mndandanda linali kudzudzulidwa, koma locepetsa kwambiri silinali kufunsidwa kanthu. Funso lenileni linayenera kukhala lakuti: kodi mwana woyenera ndiye ali pa mndandanda? Peresenti siingayankhe funso limenelo. Madera awiri angakhale onse pa 8.5, lina litapeza ana onse ofunika thandizo, lina litasiya ambiri.

Caciwiri, olemba ziwerengero ndiwo anali kuweruzidwa nazo. Munthu amene mbiri yake ya nchito idalira nambala imene iye mwini amalemba amapeza njira yoisinthira, ngakhale popanda kunama. Kungocedwa kudzaza fomu yotumizira mwana n'kokwanira.

Cacitatu, mwana wosiyidwa sanali kuoneka paliponse. Mwacitsanzo, boma lalikulu limafunsa zigawo kuti ndi ana angati anapimidwa m'nthawi yake makolo atavomereza. Mwana amene sanatumizidwe n'komwe salowa m'ciwerengero cimeneco. Motero lipoti likhoza kuoneka loyera pamene ana ali kunja. Kwa zaka 12 nambala inali kutsika, ndipo kutsikako kunkaoneka ngati cipambano. Zoona zinatuluka pamene mtolankhani anafunsa makolo ndi aphunzitsi.

Izi sizitanthauza kuti ziwerengero zitayidwe. Mu 2014 boma lalikulu linasintha kaweruzidwe ka zigawo. Kale linkaona kwambiri ngati malamulo ndi masiku oikika atsatidwa. Caka cimeneco linawonjezapo mmene ana olumala akukhozera kuwerenga ndi masamu, komanso kuti ndi angati amalemba nawo mayeso. Zigawo ndi madera okwaniritsa zofunika zinatsika kucoka pa 41 kufika pa 18. Kusinthaku kunali koyenera, cifukwa kunaonetsa kuti mapepala angakhale m'malo pamene mwana sakuphunzira. Kuwerenganso olemba mayeso kunali kwanzeru, pakuti sukulu yoweruzidwa ndi malikisi okha ikhoza kukweza malikisiwo mwa kusiya ana ofooka kunyumba pa tsiku la mayeso. Copimira cimodzi cimafunika cinzake cocilondera.

Kuno kwathu lamulo la maphunziro la 2011 ndi lamulo la anthu olumala la 2012 amateteza ufulu wa mwana wolumala wa kuphunzira. Zotsatira za mayeso a kuwerenga zimene inu aphunzitsi mumalemba zimapita kwa ahedi, kuzoni, ku ofesi ya DEBS mpaka kucigawo. Tsono phunziro la ku Texas likukhudza dzanja limene limadzaza fomu yoyamba.

Lembani zimene mwana wacita pa tsikulo, ngakhale ana a pa mulingo wapansi akhale ambiri. Amene sanabwere mumulembe kuti sanabwere, ndipo mumuyese akabwera. Kuseri kwa nambala iliyonse sungani maina, ndi cimene cikubvuta mwana aliyense: mamvekero a malembo, kuphatikiza masilabe kapena kumvetsa nkhani. Mwana wa ku Lundazi wolankhula Citumbuka kunyumba, kapena wa ku Petauke wolankhula Cinsenga, angacedwe kuyankha m'Cinyanja popanda cilema ciliconse. Ameneyo afunika nthawi yambiri ya kumva ndi kulankhula. Koma mwana amene amabwera masiku onse, mwamuthandiza payekha temu yonse, ndipo malembo amene anadziwa dzulo lero wawaiwala, musamusunge poyembekezera kuti adzakula. Uzani ahedi ndi makolo, apite naye kucipatala akamuone maso ndi makutu, ndipo nkhani yake ifike kwa odziwa za maphunziro apadera. Kuchula dzina la vutolo ndi nchito ya opima. Yanu ndi kuona msanga ndi kulemba bwino zimene mwaona.

Oyendera masukulu naonso ali ndi mbali yao. Sukulu ikalemba ana ambiri osadziwa kuwerenga, yoyamba kufika ikhale thandizo: mabuku, uphungu ndi maphunziro a aphunzitsi. Ikalandira cidzudzulo cokha, temu yotsatira idzatumiza nambala yokongola, ndipo ofesi idzakhala yataya maso ake. Sukulu ikalemba kuti ilibe mwana ngakhale mmodzi wa zosowa zapadera pakati pa ana mazana, imeneyonso iyenderedwe. Ndipo nambala ya ana ofooka ikatsika mwadzidzidzi, woyendera atenge rejisitala, aitane ana angapo mwa maina ndi kuwamva akuwerenga. Akapeza kuti akuwerengadi, mphunzitsiyo ayamikidwe ndipo njira yake iphunzitsidwe kuzoni. Akapeza kuti ena analeka sukulu kapena sanayesedwe, maina ao abwerere pa fomu.