Mdani Nayenso Ali ndi Amai Ace

Anyamata a ku Chibolya poonera cithunzi ca nkhondo amaomba m'manja Mjeremani akagwa. Koma ciripo cithunzi cina cimene cimaumitsa manja: All Quiet on the Western Front, cimene Lewis Milestone anacipanga m'caka ca 1930 potsata buku la Erich Maria Remarque.

Mwini nkhani ndiye Paul Bäumer, mwana wa sukulu wa ku Germany amene mphunzitsi wace anamnyenga ndi mau okoma kuti akalowe usilikali. Kunkhondo apeza njala, matope, makoswe ndi mantha. Abaya Mfalansa, nacezera naye m'dzenje limodzi usiku wonse, akumpempha cikhululukiro. Potsiriza aomberedwa potambasula dzanja kuti agwire gulugufe. Cithunzici cionetsa mdani monga mwana wa munthu. Cifukwa cace otsata Hitler anadana naco, ndipo cinaletsedwa ku Germany caka comweco.

Komabe cifundo cace cilekeza ku Ulaya. Nkhondo yomweyo inafika kuno kwathu, ndipo von Lettow-Vorbeck anagonjera ku Abercorn, Mbala wa lero, pa 25 November 1918. Amtengatenga ambirimbiri anafera m'njira ndi njala ndi nthenda, katundu ali pamutu. Woonera amene walira Paul akumbukenso iwowa, pakuti maliro ao sanalowe m'cithunzici.