Olondola Mibadwo ya Akatswiri a Cricket

Ndimawapatsa ulemu anthu amene amagawana m'magulu n'kumapikisana polondola mibadwo ya akatswiri a cricket. Ntchitoyi imafuna kuleza mtima: kufunsa okalamba, kuvundukula nyuzipepala zakale zothetheka m'mbali, kuyerekeza dzina la m'kaundula wa ubatizo ndi la pa pepala la zigoli mpaka zigwirizane.

Taonani zimene amafukula. Basil D'Oliveira anabadwira ku Cape Town mu 1931, koma tsankho linamutsekera khomo losewerera dziko lake. Anapita ku England, ndipo mu 1968 boma la South Africa litakana kumulandira ngati wosewera wa England, ulendo wonse wa timu ya England wopita kumeneko unalephereka. Mwana wake Damian ndi mdzukulu wake Brett anadzasewerera Worcestershire, timu imene Basil ankasewerera. Ku Zimbabwe nako, Hamilton, Shingirai ndi Wellington Masakadza, apachibale atatu, onse anasewerera dziko lawo.

Chondidandaulitsa n'chakuti mabuku a zigoli amasunga dzina la kuchimuna lokha. Ife Achewa timawerengera mtundu kuchikazi. Inu ofufuza, musaiwale amayi ndi atsibweni; pitani mukawafunse akadali moyo.