Dalaivala Wobweretsa Madzi a Odwala Impso

Ku Britain, wodwala impso amene amachitira dayalisisi kunyumba, yodzera pamimba, amatha kusintha madzi kanayi patsiku, pafupifupi malita 2 ulendo uliwonse. Werengani nokha: pamwezi ndi malita oposa 200, ndipo onsewo amabwera ndi dalaivala.

Chimene ndimamutayira kamtengo ndi zimene amachita akafika pakhomo. Satula makatoni panja n'kuliyatsa liwiro ayi. Amawanyamula mpaka kuchipinda, ngakhale kukhale kokwera masitepe, n'kuwasanja bwinobwino, akale patsogolo, atsopano kumbuyo, kuopa kuti madeti angapitirire. Katoni yobooka amabwerera nayo. Mwini nyumba amangopenya, poti munthu wa chubu pamimba saloledwa kunyamula zolemera. Tsiku la chipale chofewa, misewu ikuterera, dalaivalayo amaimbiratu foni kuti achedwako pang'ono koma afika ndithu.