Kanema Wopanda Mawu ndi Munthu Amene Anamlankhulira

M'chaka cha 1980 kampani ya ATV ku England inaonetsa pa wailesi yakanema sewero lotchedwa Flickers, lolembedwa ndi Roy Clarke. Bob Hoskins anasewera ngati Arnie Cole, munthu woyendayenda ndi bayisikopo, amene mtima wake unali pa kujambula zithunzi zakezake. Sewerolo n'lokoma ndi loseketsa, koma lili ndi chilema chimene chimapezeka kawirikawiri m'masewero onena za chiyambi cha kanema: maso ake onse ali pa wojambula ndi mwini ndalama, ndipo owonerera angokhala khamu lolipira pakhomo.

Azungu amati nyengo ya kanema wosalankhula inayamba kutha mu 1927, pamene The Jazz Singer inatuluka ku America. Kuno sizinatero ayi. Pakati pa 1935 ndi 1937, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham anajambula zithunzi 35 kum'mawa kwa Afirika, nayenda nazo pa galimoto kufikira ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland. Zithunzizo zinalibe mawu. Mawu ankachokera m'mbale za galamafoni. Mu 1948 bungwe la Central African Film Unit linakhazikitsidwa ku Salisbury, ndipo zithunzi zake zoyamba nazonso zinali zosalankhula, popeza maiko atatu amene linkatumikira anali ndi zinenero zambiri. Chotero pafupi ndi chinsalu pankakhala womasulira, kufotokozera anthu m'chinenero chawo.

Munthu ameneyu ndiye woyenera sewero lakelake. Nkhani zambiri za zithunzizo zinali za anthu awiri, wochenjera womvera mlangizi wa boma ndi wopusa wokakamira makhalidwe akale. Koma chithunzi sichinena chokha kuti wopusa ndani. Womasulira akakometsa mawu, kapena akaponyapo mwambi pamalo pake, khamu likhoza kukonda munthu amene wojambula anafuna kuti asekedwe. Mphamvu yotereyi inali m'kamwa mwa wantchito wamba wa boma, amene dzina lake silinkaoneka pa chinsalu.

Wolemba wofuna malo a sewero lotere sangalakwe atasankha Mchinji, boma limene kale linkatchedwa Fort Manning, pa msewu wopita ku Fort Jameson, tsopano Chipata. Malire anagawa dziko, koma chinenero n'chimodzi tsidya lino ndi tsidya lija, kotero kuti womasulira mmodzi akadakwanira mbali zonse. Ndiponso Achewa a kumeneko sakadakhala alendo pa kuwerenga nkhani m'thupi la munthu. Amene anakulira pa bwalo la gule wamkulu adziwa kuti chilombo chimaphunzitsa ndi mayendedwe ake, pamene tanthauzo lake limamveka m'nyimbo za amayi oimirira pambali. Atsamunda ena ankaganiza kuti Mwafirika sangatsate chithunzi chothamanga, nachedwetsa dala zithunzi zawo. Akadaona gule akadaganizanso kawiri.

Wophunzira uphunzitsi angayese yekha zimenezi. Atenge kachigawo ka The Kid, chithunzi cha Charlie Chaplin cha 1921, aonetse ana a Sitandade 5, ndipo ana awiri afotokoze m'Chichewa, wina atatuluka panja pamene mnzake akulankhula. Pambuyo pake kalasi liweruze pamene nkhani ziwirizo zasiyana, ndi chimene chinaoneka pa chinsalu chimene onse awiri anachisiya.