Nthaka ikakana maliro: za buku lina la Mia Couto

M'caka ca 2002 Mia Couto, mlembi wobadwira ku Beira, anatulutsa buku lochedwa Um Rio Chamado Tempo, Uma Casa Chamada Terra. M'cinenero cathu tinganene kuti mtsinje wochedwa nthawi, nyumba yochedwa nthaka. Ndi buku la maliro kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo maliro ake ndi okanika kuika. Ine ndinaliwerenga m'Cipwitikizi. Amene munaphunzira sukulu ku Malawi nthawi ya nkhondo mungathe kulipeza m'Cingerezi, lomasuliridwa ndi David Brookshaw pa mutu wakuti A River Called Time. Ndikucenjezeni pano pomwe kuti ndiulula cinsinsi ca nkhaniyi, cifukwa popanda cinsinsico palibe cimene ndingakambe nanu.

Nkhani yake ili motere. Mnyamata wina wophunzira mumzinda, Marianinho, aitanidwa kwawo ku cilumba ca Luar-do-Chão cifukwa agogo ake aamuna, a Dito Mariano, atisiya. Cilumbaci musacifune pa mapu, n'copeka. Atafika apeza acibale asonkhana, denga la cipinda cacikulu alisasula monga mwa mwambo wa maliro wa kumeneko, ndipo mtembo augoneka m'cipindamo. Koma dokotala wa pacilumbapo, Amílcar Mascarenha, akulephera kunena motsimikiza kuti nkhalambayi yafadi. Siili moyo monga ife, komanso siinapite. Tsiku lokakumba manda, zokumbira zikungonjanja. Nthaka yauma gwa ngati thanthwe paliponse pamene ayesa, ndipo mudzi wonse wagwidwa mantha.

Munthu wa kuno akafika pa dzina la nyumba ya banjali amamwetulira. Nyumbayo ndi Nyumba-Kaya: liwu lathu la kumpoto kuno alilumikiza ndi la anzathu a kumwera, kuti acibale a mbali zonse ziwiri asadandaule. Mtsinjenso dzina lake ndi Madzimi, ndipo khutu lathu likumvamo madzi. Palinso cina cimene sindikhulupirira kuti owerenga a ku Lisboa amacimva monga timacimvera ife. Nkhalamba ija inasankhiratu kuti woyendetsa mwambo wa maliro ake asakhale mmodzi wa ana ake atatu aamuna, koma mdzukulu. Kwathu kuno okumba manda ndi onyamula maliro timawachula kuti adzukulu, ngakhale si ana a ana athu. Ndi anthu apadera pang'ono, amene cisoni sicinawathyole maondo, amene angathe kuseka pamanda pamene anamfedwa sangathe n'komwe kumeza nsima. Marianinho ndi wotero. Ndi wa m'banjamo, koma anakulira kutali, sadziwa miyambo, amafunsa mafunso amene mwana wa pakhomo sangayerekeze kufunsa. Pamenepa mlembi anaona bwino: nchito ya maliro imafuna munthu woimirira pakhomo, phazi lina mkati, lina kunja.

Cimene cikutseka nthaka m'bukuli ndi mawu amene sananenedwe. Marianinho ayamba kupeza makalata ocokera kwa agogo akewo, ndipo cododometsa n'cakuti zolembazo zikuoneka kuti ndi za dzanja lake iye mwini. Kalata ndi kalata nkhalamba ikumasula mfundo. Mfuti imene inapha mnzake wapamtima, Juca Sabão, inadutsa m'manja mwake. Ndipo cacikulu: Marianinho si mdzukulu ayi, ndi mwana wake weniweni, amene anabereka ndi mlamu wake Admirança, m'bale wa mkazi wake. Fulano Malta, amene mnyamatayu wakhala akumuchula kuti bambo, ndi mkulu wake. Zonsezi zitaululika, nthaka ifewa, ndipo nkhalamba iikidwa m'mbali mwa mtsinje.

Mfundo imeneyi ndikuivomereza ndi mtima wonse. Aliyense amene anakhalapo pa siwa usiku amadziwa kuti kulira kuli mitundu iwiri. Pali kulira kwa munthu amene wataya wokondedwa wake, kumene kumapweteka koma kumapola, ndipo pofika tsiku lometa munthu amayamba kudya. Palinso kulira kwa munthu amene watsala ndi funso limene woyankha wake wagona m'bokosi. Munda wa kudambo uja anaupereka kwa yani? Mnyamata wabwera ndi amayi ake kucokera ku Lizulu uja, amene wakhala kumbuyo kwa nkhokwe osalankhula ndi munthu, ndi ndani? Ng'ombe zili kwa atsibweni zija n'zobwereka kapena n'zopatsidwa? Kulira kotereku sikutha ndi kumeta, sikutha ndi bona, ngakhale ciliza mutamanga ca simenti yambiri. Adzukulu akapeza mwala m'manda, anthu amayamba kunong'onezana kuti malemuwa ali ndi cifukwa. Mia Couto watenga manong'onong'o amenewo n'kuwasandutsa buku lathunthu, ndipo potero wationetsa kuti kukonzekera imfa si kugula matabwa a bokosi kokha.

Koma pomwepa ndi pamene ndikuyamba kutsutsana naye. Nkhalamba iyi yapatsidwa mwayi umene palibe mmodzi wa ife adzaupeze. Inakhala cete moyo wake wonse, inadya, inamwa, inayenda ndi akazi, ndipo italowa kale mwendo umodzi m'manda ndi pamene ikulankhula, pamene palibe angaikalipire kapena kuitengera kwa mfumu. Ikulankhulanso mokoma, mwanthabwala ndi mwanzeru, kotero kuti wowerenga amatseka buku akuikonda. Ineyo ndinaikonda, ndipo n'cifukwa cake ndikudandaula. Kuulula kotere n'kochipa. Bambo wa pamudzi pathu amene ali ndi mwana wobisika tsidya la malire sadzalemba makalata ali pamphasa ya maliro. Akafuna kunena ayenera kunena ali moyo, akuyang'ana nkhope ya mkazi wake, n'kupirira zimene zingatsatire. Bukuli latisonyeza kulemera kwa cinsinsi, koma silinatisonyeze munthu wolimba mtima amene akucitula nthawi ikadalipo. Ndikuopa kuti mkulu wina akalimvetsera adzangotolapo citonthozo cakuti zonse zidzakonzeka zokha pambuyo pake.

Amene analipira ngongole ya nkhalambayi ndi akazi, ndipo kwa ine masamba abwino koposa ndi awo. Tiyambe ndi agogo aakazi, a Dulcineusa. Mwamuna wawo asanaikidwe n'komwe, iwo akupereka makiyi a nyumba kwa Marianinho ndi kumupempha kuti awateteze, cifukwa akudziwa cimene cimagwera mkazi wamasiye acibale a mwamuna akayamba kuwerenga katundu. Ali ndi citsanzo pafupi: mlamu wawo Miserinha, amene mwamuna wake atamwalira analandidwa zonse n'kusanduka wongoyendayenda. Pano palibe zamatsenga, palibe nthaka yolankhula. Ndi nkhani imene amayi a ku Domwe, ku Tsangano ndi ku Furancungo angaimalize okha. Kumene ukwati uli wacikamwini mkazi amatsala pa nthaka ya kwawo, komabe malata, njinga ndi ng'ombe zimatha kunyamulidwa. Kumene mkazi anatengedwa kupita kwa mwamuna, amatha kubwerera kwawo ndi mtolo wa zovala pamutu. Bukuli linatuluka kale pamene dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la cuma ca masiye m'caka ca 2019, limene linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamzere woyamba wa olandira, pamodzi ndi ana. Lamulo lilipo, koma mantha a a Dulcineusa sanakalambe, cifukwa pa tsiku logawa katundu pabwalo sipakhala woweruza wa ku Ulongwe. Pamakhala amalume.

Ndiye pali Mariavilhosa, amene Marianinho ankamuyesa mayi wake womubereka. Mkazi uyu ananamizira pakati kuti abise manyazi a apongozi ake, analera mwana wa eni, ndipo tsiku lina analowa mumtsinje osabwereranso. Thupi lake silinapezeke, ndipo pamaliro ake anakwirira mtsuko wa madzi a mumtsinjemo. Ndinaima nthawi yaitali pa tsamba limeneli. Ife a m'malire tili ndi akufa ambiri opanda manda. Nkhondo isanathe ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ena anafera m'njira, m'mapiri, osaikidwa ndi munthu. Ena anaikidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu m'manda a eni, ndipo lero ana awo sangathe kuloza pamene pagona mayi wawo. M'madera ena thupi likasowa amakwirira thunthu la nthoci, kuti anamfedwa akhale ndi poti n'kugwada. Mtsuko wa madzi uja ndi nzeru yomweyo. Mlembi wamvetsa kuti cisoni cimafuna malo, kuti munthu sangalire mumlengalenga. Cokhumudwitsa n'cakuti Mariavilhosa sanapatsidwe mawu akeake. Timamumva kudzera mwa ena, pamene nkhalamba yomulakwira yapatsidwa makalata ambirimbiri.

Admirança nayenso, mayi weniweni, wakhala zaka zonsezi akuchedwa ndi dzina lina ndi mwana wa m'mimba mwake. Maliro ake a iyeyu ndani anamukhuza?

Za ana aamuna a nkhalambayi sindikhalitsapo. Maina awo amanena zonse munthu asanatsegule pakamwa: Abstinêncio wodzimana ndi wodzitsekera, Fulano Malta msilikali wakale wa nkhondo ya ufulu amene anagwa mphwayi, ndi Ultímio, wotsiriza, wolemera wa mumzinda amene akufuna kugulitsa nyumba ya makolo kuti pamangidwe hotela. Ultímio ndi woipa mosabisa, ndipo kumuda n'kosavuta. Koma wolanda cuma ca masiye amene ife timamudziwa kawirikawiri sabwera pa galimoto. Ndi m'bale wosauka ngati ife tomwe, amene feteleza wamukanika caka cino, amene analira moona pamanda dzulo, ndipo lero wagwira cingwe ca mbuzi. Munthu ameneyo ndiye wovuta kumulemba, ndipo m'bukuli sindinamupeze.

Pali malo enanso amene owerenga athu adzakwinya nkhope. Mlembi akudziwa za kudika, kuti pa nthawi ya maliro mwamuna ndi mkazi sayandikirana, ndipo anthu a m'nkhaniyi akukayikira kuti mwina nthaka yatsekeka cifukwa wina waswa mwambowo. Ife amene tinakula tikumva za mdulo sitifunika kutifotokozera. Koma kumapeto, pamene nthaka ikufewa, pali kukumana kwa Marianinho ndi Nyembeti, mlongo wake wa wokumba manda Curozero Muando, mtsikana wosalankhula bwino amene mlembi wamusandutsa cizindikiro ca nthaka yeniyeniyo. Ndikumva cimene akufuna kunena, kuti moyo ndiwo umatsegulira imfa njira. Komabe kwa ine apa wafooka. Atatha kutiphunzitsa kuti cotseka nthaka ndi bodza, ndipo cotsegula ndi coonadi, sanafunikenso kubwereka thupi la mtsikana kuti likhale kiyi. Nyembeti watsala wopanda nkhani yake, monga anatsalira Mariavilhosa.

Cinenero cake ndi cokoma, ici palibe angakane. Mia Couto amaumba mawu atsopano m'Cipwitikizi monga mayi aumbira mbiya, ndipo si pacabe kuti anapatsidwa mphotho ya Camões m'caka ca 2013. Pamwamba pa mitu ya bukuli pali timawu tokhala ngati miyambi, tonenedwa kuti n'ta anthu a pacilumbapo. Tina timalasa. Tina n'tosalala kwambiri, tomveka kuti tinabadwira pa tebulo la mlembi, sitinapsere pamoto wa pa siwa. Mwambi weniweni umakhala ndi fungo la utsi ndi mbuzi. Miyambo yakenso ndi yosakaniza, ya uku ndi uku, yosakhala ya mtundu umodzi, ndipo wowerenga wa kunja angaganize kuti Moçambique yense amasasula denga pa maliro. Kwathu Acewa akale ankagwetsa nyumba ya malemu pambuyo pa maliro, zimene zayamba kutha cibwerere nyumba za njerwa ndi malata. Ndi zofanana pang'ono, koma si cimodzi.

Ndinasowamonso thukuta la maliro. Ife tikamva kuti kwagwa zovuta, mutu umathamangira kwa mfumu kukapereka uthenga, ku ufa, ku nkhuni, ku ndiwo zodyetsa khamu masiku awiri kapena atatu, ku cipepeso cimene cimalembedwa m'kope dzina ndi dzina. Ngati munthu wafera ku cipatala ca tsidya lina, pali mapepala ndi ndalama ya galimoto yodutsa pa Calomue. Amayi a mpingo amaimba usiku wonse mpaka mawu kusasa. Zimenezi si zokongoletsa ayi, ndi mmene mudzi umanyamulira cisoni ca munthu mmodzi kuti cisamuphwanye. Ku Luar-do-Chão anthu amalankhula mwandakatulo kwambiri, ndipo Marianinho amayenda yekha ndi makalata ake, pamene namfedwa wa kwathu saloledwa n'komwe kupita kumadzi yekha.

Ngakhale zili conco, ndingakonde kuti m'magulu athu owerenga, wina wodziwa Cipwitikizi atenge mutu umene a Dulcineusa akupereka makiyi, auwerenge mokweza ndi kuumasulira pamaso pa akuluakulu, amuna ndi akazi atakhala pamodzi. Akatha asafunse ngati nkhaniyo yakoma. Afunse kuti makiyi a nyumba zimene tagonamo lero adzakhala m'manja mwa yani, ndipo amuna ayambe ndiwo kuyankha.